Botolo la Lachinayi

Pafakitale yonyika nsalu ija palibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Ukafunsa pageti kuti mayi woyang'anira madzi ali kuti, mlonda ankayamba wakanda m'mutu, koma ukangoti Namabotolo, ankakulozera ndi chibwano kuseri kwa nyumba yonyikira, kumene kunali kachipinda ka zenera limodzi ndi maiwe atatu. Dzinalo analiputa yekha. M'mawa uliwonse, asanalowe n'komwe pageti, ankatsikira pamwala wina m'munsi pang'ono mwa pamene mapaipi a fakitale amalavulira mumtsinje, n'kutunga madzi m'kabotolo, kumata kapepala ka tsiku ndi nthawi, kenako n'kukakaimika pa alumali. Timabotoloto ankachita kupemphetsa kwa oyandikana nawo nyumba, ta mankhwala a chifuwa, ta mafuta odzola, tilitonse toonekera m'kati. Azimayi a kwawoko ankati akamuona akubwera amayamba amwetsa ana mankhwala otsala kuti botolo lipezeke.

Anabadwira m'munsi mwa fakitale yomweyo, m'nyumba zoyang'ana kumtsinje, ndipo ali mwana ankayesa kuti mitsinje yonse padziko imasinthasintha mtundu. Lolemba madzi ankatha kukhala ofiira, Lachitatu achikasu, ndipo sukulu zikayandikira kutsegulira ankakhala a buluu sabata yathunthu chifukwa cha nsalu za yunifolomu. Ana ankapikisana kulosera mtundu wa tsikulo asanafike pamlatho. Tsiku lina aphunzitsi anawatenga kukaona mtsinje wina kutali, ndipo iye anabwerako akudandaula kuti wa kumeneko ndi wosasangalatsa, ulibe mtundu.

Amayi ake ankachapira anthu zovala. Ankalawirira kuti apezeretu madzi makina asanayambe kulira, komabe manja awo anali ong'alukang'aluka ngati zidendene, ndipo mwana wawoyu ndiye ankawapaka mafuta m'zala madzulo. Palibe amene ankanena kuti ndi madzi, onse ankati ndi sopo. Namabotolo anadzazindikira yekha atakula, amayiwo atamwalira kale, ndipo zinkamuwawa nthawi zonse akakumbukira kuti anakula akusekerera chinthu chimene chinkadya manja a amayi ake.

Analowa ntchito pafakitalepo ali mtsikana, atapatsidwa tsache ndi chidebe. Anthu amaderera wosesa, koma kunena zoona wosesa ndiye amaidziwa fakitale, chifukwa ena onse amayang'ana makina pamene iye amayang'ana pansi. Pansi pa fakitale imeneyo panali ngalande makumi awiri ndi zitatu zovindikiridwa ndi zitsulo za mabowo, ndipo mapepala osonyeza kumene iliyonse imapita anadyedwa ndi chiswe kalekale. Namabotolo sanakhutire nazo. Nthawi ya nkhomaliro ankaponya zitsekerero za mabotolo m'ngalande imodzi, kuthiramo chidebe cha madzi, n'kuthamangira kumtsinje kukadikira kuti zitulukire pati. Anzake ankati mutu wake sukuyenda bwino. Koma patatha chaka anali atadziwa kuti ngalande zina zimakumana n'kutulukira paipi yaikulu, pamene zina, zimene anazikonzera madzi a mvula, zili ndi paipi yakeyake pambali. Za mabotolo anaziyamba nthawi yomweyo, popanda womutuma.

Munthu mmodzi yekha amene ankamumvetsera anali alamu ake, amuna a mkulu wake, bambo wopuma ntchito amene ankaweta abakha oyera asanu ndi awiri pafupi ndi mlatho. Kumvetsera kwake kunali kwachipongwe. Abakhawo ankapita kumadzi ali mbee, n'kubwerako atavala mtundu wa tsikulo kuyambira pachifuwa mpaka kumchira.

"Mlamu, ukawauze mabwana akowo kuti wachikasu sukuwakhala abakha anga," ankatero alamuwo. "Azinyika wofiira, amaoneka ngati a pakhomo pa munthu wolemera."

"Inunso alamu, bwanji osawagulira jombo?" iye ankayankha, onse n'kuseka, ngakhale aliyense ankadziwa kuti mazira a abakhawo sankaswa bwino.

Zinthu zinasintha chaka chimene kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi yoona za chilengedwe. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wovala jombo zazikulu zofika m'mawondo, moti pofika masana fakitale yonse inali itamutcha kale Mayi Jombo. Anayenda paliponse, anaviika timapepala take toyesera m'madzi, ndipo pomaliza anauza bwana manijala pamaso pa anthu kuti akuwapatsa miyezi isanu ndi umodzi. Akadzabweranso n'kupeza madzi osayera, chilolezo chotayira madzi mumtsinje chidzalandidwa ndipo nyumba yonyikira idzatsekedwa ndi loko. M'nyumba imeneyo munkagwira ntchito anthu makumi asanu ndi limodzi, ambiri a iwo azimayi amene Namabotolo anakula nawo.

Manijala anaitanitsa injiniya kuti akonze maiwe oyeretsera madzi. Injiniyayo anafunsa mapepala a ngalande, ndipo atamuonetsa zimene chiswe chinasiya anangogwira m'chiuno. Apa m'pamene kapitawo, bambo wa khosi lalikulu amene ankalankhula ngati aliyense ali kutsidya kwa mtsinje, anati moseka, "Funsani wosesayo, amacheza nazo ngalandezi." Namabotolo anatola choko, n'kugwada pasimenti, n'kujambula zonse makumi awiri ndi zitatu, iliyonse ndi kumene imapita. Injiniya anayesa zinayi ndi madzi a pampopi, zonse n'kutulukira pomwe choko chinanena. Kuyambira tsiku limenelo tsache analisiyira wina.

Ntchito yatsopanoyo anaigwira ngati munthu amene anaidikira moyo wake wonse, ndipo analidi ataidikira. Anaphunzira kuti dziwe loyamba ndi lodikhitsira utoto pansi, lachiwiri muli makina ovundula madzi kuti alowe mpweya, lachitatu ndi la bango limene limamaliza kusefa. Anaphunzira kuwerenga timapepala toyesera ndi kulemba zonse m'buku la madzi. Koma chimene injiniya sakanamuphunzitsa n'chakuti munthu wonyamula chidebe cholemera sawerenga chikwangwani, amathira pamene payandikira. Ndiye anapempha penti. Ngalande zonse zopita kumaiwe anazipaka wofiira, za mvula zimene zimapita molunjika kumtsinje anazipaka wobiriwira. Azimayi a konyikira anapekapo kanyimbo kakuti yofiira thira, yobiriwira siya, ndipo ankakaimba pomuseleula, osadziwa kuti n'zimene iye ankafuna.

Anapemphanso chitseko chachitsulo kumapeto kwa paipi ya mvula, chotseka popukusa chigudumu chonga chiwongolero cha galimoto. Manijala anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Mukufuna kutsekera mvula, mayi?"

"Mvula ilibe vuto, bwana. Ndikufuna kutsekera anthu."

Anachiika, makamaka chifukwa bwanayo anatopa ndi kumupeza ataima pakhomo pa ofesi m'mawa uliwonse.

Miyezi imene inatsatira, Namabotolo amaikumbukira ngati nthawi yokoma kuposa zonse. Mabotolo a pa alumali anayamba kusuluka. A mwezi woyamba anali bii, a mwezi wachiwiri ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pofika mwezi wachinayi munthu ankatha kuwerenga nyuzipepala kudzera m'botolo. Kachipinda kake kanasanduka koonera zinthu. Nthawi ya nkhomaliro anthu ankabwera ndi mbale zawo m'manja kudzasuzumira pazenera, n'kumatsutsana kuti la dzulo ndi la lero loyera kwambiri ndi liti. Tsiku limene anaona ambululu akuyandama pansi pa mwala wake, anathamanga nawo m'chitini mpaka mu ofesi n'kuwaika pamwamba pa mapepala a manijala, osagogoda n'komwe. Alamu ake nawo anayamba kudandaula kuti abakha awo akubwera kunyumba amaliseche ndipo anthu a mumsewu asiya kuwaimirira.

Kalata inafika yonena kuti Mayi Jombo adzabwera Lachinayi teni koloko m'mawa. Lachitatu, manijala anatuma Namabotolo kutauni kukatenga zotsatira za madzi amene anawatumiza kukapimidwa. Anadikira pabenchi tsiku lonse, ndipo pepala atalilandira analitambasula pomwepo. Zonse zinali bwino, mzere uliwonse. Analiwerenga katatu m'basi, n'kumuwerengeranso mayi wina wogulitsa mazira amene anakhala naye mpando umodzi, yemwe sanamvepo kanthu koma anamuyamikira ndithu. Anafika anthu ataweruka kale, choncho anangolunjika kunyumba, pepala lili pachifuwa.

Sanadziwe zimene kapitawo anachita tsiku limenelo. Pali matenda ena amene amagwira akapitawo mlendo wamkulu akamabwera, ndiwo matenda a laimu, ofuna kupaka chilichonse kuti chiyere mbee. Munthu amayamba ndi miyala ya m'mbali mwa msewu, kenako matsinde a mitengo, kenako china chilichonse chimene sichikuyenda. Kapitawoyu anapaka miyala, mitengo, matayala akale, mwendo wa thanki, ndipo galu wa mlonda anapulumuka chifukwa anathawa. Atafika pazitsulo za ngalande anaona kuti penti wofiira ndi wobiriwira uja wayamba kusupuka ndipo akunyansitsa malo. Analamula kuti zonse makumi awiri ndi zitatu zipakidwe. Sanachite mwankhanza, ankafunadi kuti fakitale ipambane. Potseka tsikulo analamulanso kuti azimayi asanu alawirire mawa lake kudzatsuka migolo yakale ya utoto imene inali kuseri kwa nyumba yosungira katundu, kuti mlendo asadzaione yauve.

Lachinayi Namabotolo anadzuka akuimba. Anavala ovolosi imene anaisita mpaka kukhala ndi mizere, anadutsa pamlatho abakha a alamu ake akutsikira kumadzi, ndipo anafika pamwala wake nthawi ili hafu pasiti sikisi. Anawerama, anaviika botolo, analitukula kuloza kudzuwa monga ankachitira masiku onse. Linali la buluu. Osati buluu wokayikitsa, koma weniweni wa yunifolomu, uja wa ubwana wake. Anayang'ana paipi yaikulu yochokera kumaiwe ndipo madzi ake anali oyera. Utotowo unkatuluka pambali, m'paipi ya mvula, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Manja anachita zimene anazolowera. Anatseka botolo, analemba tsiku ndi nthawi, n'kuliponya m'thumba la ovolosi. Kenako anathamanga. Mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wa bondo lovuta, anakwera mtunda uja ngati wasiya mwana pamoto. Anafika pachigudumu chija n'kuyamba kupukusa, chikulira, iye akuchikalipira ngati chikumva, mpaka chitseko chinakhala pansi. Atalowa m'fakitale anaima kaye, chifukwa maso anachita kuthobwa. Paliponse panali mbee. Kuseri kwa nyumba yosungira katundu anapeza azimayi asanu aja akutsuka migolo mosangalala, akuthira m'ngalande imene inali pafupi.

"Siyani," anatero, mpweya ukumuthera. "Imeneyo ndi ya mvula."

"Koma si yobiriwira, a Namabotolo," anayankha mmodzi, chidebe chili m'mwamba. "Tayang'ana bwinobwino. Zobiriwira kulibe lero."

Sakanawakalipira, chifukwa anachita zimene iye mwini anawaphunzitsa. Anafunsa kuti athira migolo ingati, iwo anati itatu. Apo ntchito inayamba, ndipo amene analipo amati sanaonepo fakitale ikuthamanga chotero. Namabotolo anaima pamgolo n'kumagawa anthu ngati wapolisi wa pamsewu. Awa akatenge pampu, awa akokere paipi ya pulasitiki mpaka kudziwe loyamba, awa aike matumba a mchenga pangalande zonse za mvula, zimene iye ankaziloza pamtima popeza tsopano zonse zinali zofanana. Anthu a konyikira anasiya makina n'kubwera ndi zidebe. Kapitawo, atamva chimene chachitika, mawu aja anamuthera koyamba m'moyo wake, ndipo ananyamula matumba awiriawiri osayang'ana munthu kumaso. Madzi onse amene anatsekeredwa m'paipi anawapopera kudziwe, anatsukamo kawiri, ndipo pofika naini koloko pansi panali pouma.

Manijala anamupeza m'kachipinda kake akupukuta thukuta. Anatseka chitseko, chinthu chimene sanachitepo.

"Kumtsinje kukuoneka bwanji tsopano?"

"Kwayera, bwana. Madzi apita nawo."

"Ndiye pitani mukatunge botolo la lero."

"La lero ndatunga kale."

"Mukatunge lina, mayi," anatero motsitsa mawu. "Zimene zachitikazi ndi ngozi ya mphindi zochepa. Miyezi isanu ndi umodzi mwaigwirira ntchito inu nomwe. Muwaone azimayi ali panjawo. Akatseka pano, mukawauza chiyani ana awo?"

Bwanayo sanali munthu woipa, ndipo zimene ananenazo zinamulowa Namabotolo mumtima. Anasuzumira pazenera n'kuona anzake akutsuka manja pampopi, ena akuseka chifukwa ankayesa kuti zatha. Anachita mantha. Anatsikira kumtsinje, anatunga botolo lina loyera bwino, analemba tsiku ndi nthawi yake, n'kukaliimika kumapeto kwa mzere. La buluu lija sanalitaye. Anayesa kulitsegula ali pamwala, koma zala zinakana, ndiye linatsala m'thumba, likumugunda pantchafu akamayenda.

Teni koloko itakwana, galimoto ya boma inalowa pageti ili ndi dalaivala yekha. Anthu akudabwa, Mayi Jombo anatulukira wapansi kuchokera kunjira ya kumunsi, jombo zili zonyowa. Anapereka moni, anakana mpando, anakana chakumwa chozizira chimene manijala anakonza, n'kuyamba kuyendera. Anaona maiwe onse atatu, anaviika timapepala take, anawerenga pepala la kutauni lija n'kugwedeza mutu. Anaima pang'ono pangalande ina yoyera, anaikanda ndi nsonga ya jombo mpaka penti wobiriwira anaonekera, n'kupitirira. Pomaliza analowa m'kachipinda ka mabotolo, manijala ndi kapitawo ali pambuyo, anthu ena atadzaza pazenera.

Anayenda pang'onopang'ono kutsatira alumali, kuyambira mabotolo akuda mpaka oyera, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yake inamasuka.

"Anakuuzani ndani kuti muzichita zimenezi?"

"Palibe, mayi. Ndinayamba ndili wosesa."

"Ndayenda m'mafakitale ambiri, koma izi sindinazionepo." Ananyamula botolo lomaliza n'kuliloza kuzenera. "La lero ndi ili?"

Manijala anatsokomola. Namabotolo anayang'ana botololo. Akanangoti inde, zonse zikanatha pomwepo, ndipo anthu akanamunyamula pamapewa. Koma anayang'ana mzere wonse uja, zaka ndi zaka za madzi, ndipo anadziwa kuti mulibe botolo ngakhale limodzi limene linanamapo. Kale anthu ankati ndi sopo, ndipo iye sanafune kukhala woyambitsanso zoterozo.

"Limenelo ndi lachiwiri, mayi," anatero. Anapisa m'thumba n'kutulutsa la buluu lija. "Loyamba ndi ili."

Kapitawo anayang'ana nsapato zake. Wina pazenera anausa moyo. Mayi Jombo analandira botololo, anawerenga kapepala kake, n'kuyamba kufunsa mafunso mofatsa ngati akufunsa njira. Zinayamba nthawi yanji? Munatseka nthawi yanji? Migolo inali ingati, ndipo munali utoto wanji? Madzi otsekeredwa apita kuti? Namabotolo anayankha zonse. Atafika pa za laimu anazengereza, koma kapitawo anamulanda mawu.

"Wapaka ndine, mayi. Ndimafuna kuti muone kuti pano ndi paukhondo."

"Ndaonadi," anatero Mayi Jombo. "Maso akundiwawa mpaka pano."

Kenako anapisa m'thumba la jekete lake, anatulutsa kanthu n'kukaika pa alumali pambali pa botolo lija. Inali nthenga ya bakha, ya buluu theka lake.

"Ine sindiyambira pageti," anatero. "Pageti pamakhala zimene mwandikonzera. Ndimatsika pamlatho n'kukwera ndi mtsinje. Lero ndapeza bambo wina akuthamangitsa abakha asanu ndi awiri kuti awatsekere m'khola ndisanawaone. Ndawafunsa kuti abakhawa atani, akuti ndi mtundu wachilendo, amabadwa choncho."

Kuseka kunayambira pazenera. Namabotolo anabisa nkhope m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, chifukwa anawaona m'maganizo alamu akewo akunama ndi nkhope yawo yonse kuti amuteteze.

"Ndiye ndinalowa muno ndikudziwa," anapitiriza Mayi Jombo. "Ndimangofuna kuona ngati botolo la nthenga iyi lilipo. Likanakhala kulibe, mabotolo ena onsewa sindikanawakhulupirira, pepala la kutauni sindikanalikhulupirira, ndipo loko ali m'galimotomo. Fakitale imene sitayikira kanthu sindinaionepo, bwana manijala. Imene ndimatseka ndi yondibisa."

Sikuti anawanyengerera. Analemba kalata ya chenjezo pomwepo, ataimirira. Analamula kuti zonse zimene zachitika zilembedwe m'buku la madzi ndipo lipoti lifike ku ofesi yake mawa lake, kuti migolo izitsukidwa pamalo amodzi okha a ngalande yofiira, kuti chitseko cha paipi ya mvula chizikhala chotseka kupatula mvula ikamagwa, ndiponso kuti adzabweranso mwezi usanathe popanda kalata. Ndipo anati sachoka mpaka aone ngalande zonse zabwerera mitundu yake. Atatero anatulutsa chilolezo m'chikwama, anachisayina, n'kuchipereka kwa manijala, yemwe anachilandira ndi manja awiri ngati khanda.

Mawu anatuluka pazenera n'kuzungulira fakitale yonse mofulumira kuposa moto. Azimayi a konyikira anabwera akuthamanga, magolovesi ali m'manja, n'kumukumbatira Namabotolo mpaka ovolosi yosita ija inadzaza zidindo za zala. Kanyimbo kaja kanayambika, ndipo nthawi ino ankaimbira kapitawo, amene anali atagwada pangalande yoyamba ndi bulashi yawaya, akupala laimu wake yemwe, Namabotolo ataima pamwamba pake n'kumamuuza mtundu. Manijala anamudutsa pafupi, anaima, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mukanandiuza kuti muliulula, mayi," anatero.

"Nanenso sindimadziwa, bwana."

Ataweruka sanapite kwake. Anatenga sopo ndi beseni lalikulu n'kulunjika kwa mkulu wake. Anapeza alamu ake atakhala pakhomo pa khola, nkhope ili yakugwa.

"Mlamu, ndayesetsa," anatero asanamupatse n'komwe moni. "Koma mayi uja ali ndi maso oopsa. Akutsekerani?"

"Sanatseke, alamu. Atulutseni a mtundu wachilendowo tiwasambitse."

Anawasambitsa mmodzimmodzi pabwalo, alamu atagwira mapiko, iye akupaka sopo, mkulu wake ataima pakhomo n'kumawaseka onse awiri. Abakha ankalira ngati akuphedwa, madzi ankathovukira kumaso, ndipo alamuwo anafotokoza nkhani ya Mayi Jombo kanayi, ulendo uliwonse bodza lawo likukula. Pomaliza abakha anayenda pabwalo ali otuwa pang'ono, akudzikung'untha mokwiya, ndipo beseni linatsala lodzaza madzi a buluu. Alamu analinyamula n'kuyamba kulowera kumtsinje, umene unali pafupi, kuseri kwa khola.

"Mukupita nawo kuti amenewo?"

"Kukataya. Nanga timwe?"

"Tsitsani."

"Mlamu, ndi beseni limodzi lokha. Ndipo akuona ndani?"

Namabotolo anawalanda besenilo. Anatsanulira madziwo m'chidebe, anapinda nsalu n'kuika pamutu, ndipo anauza alamu akewo kuti amusenze. Dzuwa linali lisanalowe pamene anadutsa pamlatho, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, kuti asatayeko ngakhale dontho. Pansi pa mlatho madzi ankayenda opanda mtundu, ngati a mtsinje uja anaudandaula ali mwana. Mlonda atamuona akubwera ndi chidebe pamutu anatsegula geti osafunsa, ndipo iye analunjika pangalande yoyamba, penti wofiira asanaume bwino, n'kuthira.